Kugula nyumba m'tauni: mafunso ndi mayankho kwa amene akusakasaka

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimamva kawirikawiri kwa anthu ofuna kugula nyumba yomangamanga ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu. Ena angolandira kumene ndalama zopumira pa ntchito, ena akufuna kutenga ngongole ku banki, ena ali ku Joni kapena ku Mangalande ndipo akufuna pofikira tsiku lobwerera kwawo. Ndayankha ngati ndikuyankha m'bale wanga, chifukwa ambirife ndalama yogulira nyumba timaigwira kamodzi kokha moyo wonse, ndipo ikatayika sibweranso.

Ndaona nyumba ndipo mtima wanga wagwa pomwepo. Ndiyambire pati?

Yambirani ku mapepala, nyumbayo ibwere pambuyo. Funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti: nthaka imene pakhala nyumbayi ndi ya yani? M'mizinda yathu nthawi zambiri munthu amakhala mwini wa nyumba, koma nthakayo anachita kubwereka kwa zaka zambiri, kawirikawiri 99, ndipo pangano limeneli ndi lomwe timati lizi. Wobwereketsayo angakhale Unduna wa za Malo, Malawi Housing Corporation imene inakhazikitsidwa mu 1964, kapena khonsolo ya mzinda. Alipo malo ena a freehold, opanda malire a zaka, koma ndi ochepa. Ndiye m'mphepete mwa mizinda muli malo ambiri amene anagawidwa ndi mafumu.

Mukadziwa mwini nthaka, mwadziwa ofesi yokafunsako. Mupiteko nokha, mutatenga nambala ya poloti ndi dzina la wogulitsayo. Musatume munthu yemwe akukugulitsaniyo kuti akakufunsireni.

Wogulitsa wandionetsa title deed, chikalata cha umwini wa malo. Kodi si zokwanira?

Ayi. Pepala limene lili m'manja mwake likunena zimene zinali zoona tsiku limene linalembedwa. Zimene zachitika kuchokera pamenepo zili m'kaundula wa malo, ndipo kuti muzione muyenera kupempha chimene amati official search ku ofesi ya za malo ya chigawo chanu. Kafukufuku ameneyu amaonetsa dzina la mwini malo lero lino, amaonetsa ngati nyumbayo inaperekedwa chikole ku banki, komanso ngati wina anaikapo chenjezo loletsa kugulitsa chifukwa cha mkangano. Ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene mukufuna kutulutsa.

Dzina la m'kaundula lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha munthu amene waima patsogolo panu. Akayamba zoti nyumbayi ndi ya achimwene koma anandisiyira kuti ndigulitse, mufunseni kalata yovomerezeka mwa lamulo yomupatsa mphamvu zimenezo, ndipo loya wanu aione. Onaninso kuti pa lizipo patsala zaka zingati.

Kenako mabikoni, zizindikiro zosonyeza malire a poloti. Mpanda wa njerwa si malire. Anthu ambiri pomanga mpanda analowa mamita awiri atatu m'malo a mnzawo, m'njira, kapena pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM, ndipo tsiku lophwasula wolira amakhala amene wapezekapo, osati amene anamanga. Itanani wopima malo wovomerezeka adzakusonyezeni ngodya zonse molingana ndi mapu a polotiyo.

Eni ake anamwalira, akugulitsa ndi ana. Ndigule?

Mungagule, koma apa m'pofunika kudekha kuposa pena paliponse. Chuma cha masiye chili ndi lamulo lakelake, Deceased Estates Act ya 2011, ndipo mwana woyamba kubadwa sakhala ndi mphamvu yogulitsa chifukwa choti ndi wamkulu. Wogulitsa ayenera kukhala munthu amene khoti linamupatsa makalata oyendetsera chumacho. Funsani kuti amasiyewo alipo angati, mayi awo ali kuti, ndipo kodi kulibe ana a kwina. Ngati n'kotheka, onse odziwika asainire kuti avomereza. Milandu ya nyumba za masiye imatha zaka m'makhoti, wogula ali pa lendi ndalama zake zitagawidwa kale.

Palinso mbali ya umunthu. Mukaona kuti amene akukakamira kugulitsa ndi achibale a mwamuna pomwe mayi wamasiye ndi ana akukhalamo ndipo sakuyankhula momasuka, chokanipo. Nyumba zina zilipo.

Nanga nyumba imene ili ndi kalata ya amfumu yokha?

Nyumba zambiri za m'madera ongokula kumene zili choncho, ndipo anthu akukhalamo bwinobwino. Koma dziwani zimene mukugula. Banki siilandira kalata ya amfumu ngati chikole, choncho mtengo wake uyenera kutsika poyerekeza ndi nyumba yofanana nayo ya lizi. Chachiwiri, malo ena amene mafumu anagawa ali m'kati mwa malire a mzinda ndipo m'mabuku ndi a boma kapena a bungwe lina. Malamulo a za malo anasintha mu 2016 ndipo anakonzedwanso mu 2022, ndiye musadalire zimene anachita mnzanu zaka khumi zapitazo. Kafunseni ku khonsolo ngati deralo ndi lololedwa kumangapo nyumba zokhalamo komanso ngati lizi ingatuluke. Funsaninso oyandikana nawo anayi onse ngati polotiyo sinagulitsidwepo kwa anthu awiri.

Ndidziwa bwanji kuti mtengo umene anditchulira ndi woyenera?

Mtengo umene mumaona pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp ndi umene wogulitsa akulakalaka. Mtengo weniweni ndi umene nyumba zofanana nayo zagulidwira m'dera lomwelo miyezi yapitayi. Ziwirizi zimasiyana, nthawi zina kutali. Choncho njira yoyamba ndi kufufuza nyumba zitatu kapena zinayi zimene zagulitsidwadi chaposachedwa, za zipinda zofanana, poloti yofanana kukula, msewu wofanana. Ndikuti chaposachedwa chifukwa kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Simenti, malata ndi zitsulo zinakwera motsatira, ndiye mtengo umene munamva kale sungakuthandizeni lero.

Njira yachiwiri ndi kudzifunsa kuti: nditagula poloti yopanda kanthu m'dera lino n'kumanga nyumba ngati iyi, zinganditengere zingati? Mmisiri wodziwa ntchito angakuwerengereni. Pa chiwerengerocho muchotsepo za kukalamba kwa nyumbayo ndi zonse zofunika kukonza.

Njira yachitatu ndi ya lendi, ndipo ndimaikonda chifukwa siinama. Tiyerekeze kuti nyumba akuitchula K120 miliyoni, ndipo nyumba zotere m'deralo anthu amalipira K500,000 pa mwezi. Pa chaka ndi K6 miliyoni, kutanthauza kuti padzatha zaka 20 kuti lendi ibweze ndalama yanu, osawerengera zokonzetsa ndi miyezi imene idzakhale yopanda munthu. Werengani chimodzimodzi pa nyumba zina zimene mukuziganizira. Imene ikufuna zaka zambiri kuposa zinzake ndiye kuti yakwera mtengo, pokhapokha pali chifukwa chooneka.

Mukatha zonsezi, lipirani katswiri wowerengera mtengo wa nyumba, wolembetsedwa mwa lamulo. A Surveyors Institute of Malawi angakuuzeni ngati munthuyo ali m'kaundula wawo. Ngati mukutenga ngongole, banki idzafuna lipoti lotere ndithu, ndipo idzabwereketsa motengera lipotilo osati mtengo umene mwagwirizana ndi wogulitsa. Kusiyana kwakeko kudzachoka m'thumba mwanu.

N'chifukwa chiyani nyumba ziwiri zofanana zimasiyana mtengo chonchi?

Chifukwa chimene mukulipira kwambiri ndi malowo. Nyumba ya zipinda zitatu ku Area 47 kapena ku Namiwawa singafanane mtengo ndi yomweyo itamangidwa kumapeto kwa Area 25 kapena ku Machinjiri, ngakhale mmisiri atakhala mmodzi. Kukula kwa poloti, phula kufika pa geti, mtunda wopita ku ntchito, madzi odalirika, zonsezi zili m'kati mwa mtengo. Matailosi, siling'i ndi penti mungasinthe chaka chilichonse mukapeza ndalama. Dambo limene lili kuseri kwa mpanda simungalisunthe.

N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti pa ndalama yomweyo ndi bwino nyumba yooneka yotopa pa malo abwino kusiyana ndi yonyezimira pa malo ovuta.

Nthawi yabwino yokaona nyumba ndi iti?

Dzinja, mvula ili pakati, cha mu January kapena February. Nyumba iliyonse imakongola mu August. Ngati mungathe, pitani tsiku lomwe yagwa yamphamvu, muone kumene madzi a mumsewu akulowera, ngati galimoto ingafike pa geti, ngati pabwalo pakuima chithaphwi, ngati chimbudzi chikubwerera.

Chaka china ndinaperekeza msuweni wanga kukaona nyumba cha kumunsi, kufupi ndi kamtsinje. Kunja inali yopakidwa penti watsopano, wachikasu, maluwa atadzalidwa m'matayala. Titalowa m'chipinda chogona, fungo la chinyontho linatilandira ngakhale mazenera onse anali otsekula. Ndinapempha kuti tisunthe wadiropu. Kuseri kwake, kumene wopaka penti sanafikeko, kunali mzere wofiirira wowongoka bwino, wofika m'mawondo, kuchokera ngodya ina mpaka ina. Pansi pa mzerewo pulasitala ankayoyoka ndikangokhudza ndi chala. Wogulitsa anati ndi paipi inaphulika. Titatuluka, mayi wina amene ankagulitsa tomato pa kona anatiuza mosabisa kuti, "Achimwene, kuno madzi akabwera timanyamula ana kukagona kumtunda." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Msuweni wanga anapita kukagula kwina.

Nkhani imeneyi si yaing'ono. Anthu a ku Mtandire ndi madera ena a m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi akukumbukira madzi osefukira a mu 2017. Ku Blantyre, namondwe wa Freddy mu March 2023 anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo tinataya abale ambirimbiri. Nyumba ya m'mphepete mwa mtsinje, ya m'dambo, kapena yokwera m'phiri lomwe mitengo inatha, ngakhale itatsika mtengo bwanji, ganizirani ana anu amene adzagonemo usiku wa mvula.

Ngati nthawi siikulola kudikira dzinja, yang'anani zizindikiro: ngalande zokumbika ndi madzi m'mbali mwa msewu, matumba a mchenga pa mageti a anthu, makhonde okwezedwa kwambiri, ndere zobiriwira m'munsi mwa mpanda.

M'nyumbamo ndiyang'ane chiyani?

Musapite nokha. Tengani mmisiri amene mumamukhulupirira, wosadziwana ndi wogulitsa, ndipo mumulipire tsiku lake.

Ming'alu si yofanana. Timing'alu tating'ono ta pulasitala ndi ta masiku onse. Woopsa ndi umene ukuyenda mopingasa kuchokera pa ngodya ya zenera kapena chitseko, wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wooneka mkati ndi kunja komwe. Umenewo ukunena za maziko. Zitseko zokanika kutseka ndi pansi pomveka phwaphwa mukagogoda zikunenanso zomwezo. Dothi la makande, lakuda lija, limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo nyumba yomangidwa pamenepo ndi maziko osaya imasweka chaka ndi chaka. Funsani ngati pamwamba pa mazenera anazunguliza ring beam. Dziko lathu lili m'chigwa chimene zivomezi zimachitika, monga anaonera anthu a ku Karonga mu December 2009, ndiye lamba wa konkire ameneyu si wokongoletsera.

Mmisiriyo akwere m'denga ndi tochi. Aone ngati mitengo ya denga sinadyedwe ndi chiswe, ngati malata sakuonetsa kuwala, ndi momwe mawaya a magetsi anayendetsera. Madontho a bulauni pa siling'i ndi umboni wa kudontha. Kunja, funsani pamene pali septic tank, atsekule muone, ndipo mudziwe ngati galimoto yopopa ingafikepo. Ena anamangapo chipinda pamwamba pake.

Pomaliza, pemphani pulani yovomerezedwa ndi khonsolo. Zipinda zoonjezera ndi nyumba za kuseri zimene zinamangidwa popanda chilolezo zingadzakuvutitseni inuyo.

Za madzi ndi magetsi ndingadziwe bwanji, poti tsiku limene ndinapita zonse zinalipo?

Tsekulani mpopi wa kubafa, osati wa panja wokha, muone mphamvu yake. Kenako yang'anani m'makomo mwa anthu. Mukaona thanki pa nyumba iliyonse, migolo ndi zigubu zili mbwee pakhonde, mwayankhidwa. Madzi ambiri a mu Blantyre amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwera mtunda wautali, ndiye madera okwera ndi amene amayamba kuuma mipopi kukakhala vuto. Ku Lilongwe madzi amachokera ku madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo madera atsopano a kutali ena mapaipi sanafikeko. Ngati nyumba ili ndi chitsime kapena mjigo, yezani ndi maso mtunda wake kuchokera ku zimbudzi zokumba, zanu ndi za oyandikana nawo.

Lembani nambala ya mita ya madzi ndi ya magetsi, mukafunse ku maofesi ake ngati palibe ngongole komanso ngati zinalumikizidwa mwa lamulo.

Dera lenilenilo ndingalidziwe bwanji ndisanakhalemo?

Liyendeni wapansi, katatu, nthawi zosiyana. M'mawa wa tsiku la ntchito, nyamukani pa geti la nyumbayo nthawi imene muzidzanyamukira, mukwere minibasi kapena muyendetse galimoto mpaka ku ntchito kwanu, muwerenge mphindi ndi ndalama. Muchulukitse ndi masiku a chaka chonse. Nyumba yotchipa ya kutali ina imadya kusiyanako m'mafuta ndi m'makabaza zaka zochepa zokha.

Bwereraninso Lachisanu usiku. Malo amene masana amaoneka ngati golosale usiku amasanduka bala ya zimkuzamawu mpaka mbandakucha. Lamulungu m'mawa mudzamva mapemphero a m'deralo ndi kukula kwa phokoso lake. Chigayo, malo owotcherera zitsulo, khola la nkhuku zambiri, dzala la zinyalala, zonsezi zimamveka ndi khutu kapena mphuno, sizilembedwa pa chikwangwani. Amene akuyang'ana cha ku Kanengo aganizire za malole ndi fungo la fodya nyengo ya msika.

Za chitetezo, makoma amayankhula. Waya wamagetsi ndi magalasi oswa pa mpanda uliwonse zikukuuzani zimene anthu akumana nazo. Koma funsani anthu. Safunsa anadya phula. Anyamata a kabaza pa siteji, mayi wa pa kaokala, mlonda wa nyumba yoyandikana, amenewa alibe chimene apindule mukagula kapena mukasiya. Afunseni ngati kuli achitetezo a m'dera oyenda usiku, ngati munthu angatsike minibasi 8 koloko n'kufika kunyumba bwinobwino, ndiponso chifukwa chimene eni nyumbayo akugulitsira. Yankho la funso lomalizali nthawi zambiri limasiyana ndi limene munauzidwa.

Musaiwale poloti yopanda kanthu ya pafupi. Lero pali chimanga, mawa pangadzakhale nyumba zogona alendo, tchalitchi kapena malo omwetsera mafuta. Ku khonsolo, ku nthambi yoona mapulani, angakuuzeni kuti malowo anaikidwira chiyani, komanso ngati pali msewu umene udzakuzidwe n'kudya mbali ya bwalo lanu. Ndipo ngati muli ndi ana kapena makolo okalamba, yendani mpaka ku sukulu ndi ku chipatala chapafupi, muone ngati njirayo imadutsika mtsinje ukadzaza.

Madobadoba ndi odalirika?

Alipo othandiza, amadziwa nyumba zimene sizinalengezedwe. Koma dobadoba amadya pokhapokha malonda atheka, ndiye sangakuuzeni za mzere wa kuseri kwa wadiropu. Mawu akuti "pali wina akubwera ndi ndalama mawa" asakuthamangitseni. Kumanani ndi mwini nyumba maso ndi maso, mumve mtengo kuchokera pakamwa pake, ndipo mugwirizane poyambirira kuti wolipira dobadobayo ndani. Ndalama ya nyumba isadutse m'manja mwa dobadobayo.

Ndili kunja kwa dziko. Ndingagule kudzera mwa achibale?

Ndikudziwa mmene ndalama imeneyo mwaivutikira, n'chifukwa chake ndiyankha mosapsatira. Wachibale akhale maso anu, koma asakhale thumba lanu. Pezani loya wanu, amene mungatsimikize ku Malawi Law Society kuti ali ndi chilolezo chogwira ntchito chaka chimenecho, ndi katswiri wowerengera mtengo amene mwamupeza nokha. Malipoti awo azitumiza kwa inu mwachindunji. Wachibaleyo akuimbireni foni ya kanema ali pa nyumbapo, ayambire ku msewu waukulu, ayende mpaka pa geti, azungulire kuseri, osati kukutumizirani zithunzi zosankhidwa. Ndipo mapepala onse atuluke m'dzina lanu. Zoti tilembe kaye dzina la achimwene tidzasintha mukadzabwera zadanitsa mabanja ambiri.

Kupatula mtengo wa nyumba, ndikonzekere ndalama zina ziti, ndipo ndilipire motani?

Pali malipiro a loya, a wowerengera mtengo ndi a wopima malo. Pali msonkho wa stamp duty ndi ndalama zolembetsera kusintha umwini. Pa malo a lizi pamafunika chilolezo cha mwini nthaka kuti umwini usinthe, ndipo sachipereka ngati pali ngongole ya ground rent, lendi ya nthakayo. Pamafunikanso chikalata cha ku MRA chosonyeza kuti za misonkho zili bwino. Ku khonsolo kuli ma city rates, msonkho wa nyumba, umene eni nyumba ena amakhala osalipira zaka zambiri. Ngongole zonsezi zilembedwe m'pangano kuti wogulitsa azilipira, kapena zichotsedwe pa mtengo. Mukatenga ngongole ya ku banki muonjezerepo inshulansi, ndipo mufunse kuti chiwongoladzanja chikakwera, malipiro a pa mwezi adzafika pati.

Polipira, musanyamule ndalama m'chikwama. Zidutse ku banki kuti pakhale umboni, ndipo njira yabwino ndi yoti zisungidwe ndi loya mpaka mapepala osinthira umwini atasainidwa. Pangano la malonda lilembe nambala ya poloti, mtengo wonse, tsiku limene wogulitsa kapena alendi ake adzatuluke, ndi zinthu zimene zitsale m'nyumbamo: thanki ya madzi, giza, mapampu, makabati a kukhitchini, ngakhale geti lenilenilo. Tsiku lolandira makiyi muyendemonso ndi pepalalo m'manja, muwerenge mamita onse awiri, wa madzi ndi wa magetsi, pamaso pa wogulitsa, ndipo madzulo ake musinthe maloko.